Kashembe, mfuti ndi kansalu ka buluu

Ife a ku Rufunsa tikamva za kupewa matenda timaganiza za neti ya udzudzu, katemera wa ana ndi klorini wa m'madzi. Koma nkhondo yakale kuno ndi ya kashembe, nchenche ya m'thengo imene imafalitsa kaodzera. Boma lathu analipatula ku Chongwe pamene kashembe anali atakhazikika kalekale m'zigwa za Lunsemfwa, Luangwa ndi Zambezi zimene tayandikana nazo.

Mu 1910, madokotala Stephens ndi Fantham a ku Liverpool anapeza kacilombo kacilendo m'magazi a mzungu amene anadwala atayenda m'cigwa ca Luangwa, ndipo anakapatsa dzina lakuti Trypanosoma rhodesiense. Pofika 1912, Kinghorn ndi Yorke anaonetsa kuti kamafala ndi kashembe wamba ndipo kamabisala m'magazi a nyama monga mbawala.

Atsamunda atadziwa izi anayamba ndi dzanja lolemera. M'madera ena a Northern Rhodesia anasamutsa midzi ndi kutseka njira za apaulendo. Kenako kunabwera kuombera nyama kuti nchenche isowe magazi, ndi kugwetsa mitengo kuti isowe mthunzi. Pa miseu anaika zipata zopoperapo magalimoto, pakuti kashembe amakonda kutsata cinthu coyenda. Pambuyo pake anathira DDT m'nkhalango. Zina zinathandiza ndithu, koma amene analipira ndi wam'mudzi: munda anausiya, manda a makolo anawasiya, ndiwo yam'thengo inatha. Nchenche nayo inali kubwerera nchito ikangoima.

Nzeru imene timaitama inacokera kwa anansi athu a ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1980. Ofufuza anaona kuti kashembe amakopeka ndi mtundu wa buluu, amatera pa wakuda, ndipo amatsata fungo longa mpweya wa ng'ombe. Basi, anaimika tinsalu tonyika m'mankhwala. Popanda mfuti, popanda nkhwangwa! Vuto lake n'lakuti nsalu yabwino ili yokhayokha m'thengo imakopanso anthu, ndipo zambiri zinathera m'nyumba.

Kaodzera sanathe. Osaka uci, otentha makala ndi asodzi akali kulumidwa, ndipo mtundu wathu uno umapha m'miyezi yocepa ngati munthu sanalandire mankhwala. Poyamba umafanana ndi malungo: kutentha thupi, mutu, kufooka. Ndiye cifukwa cake olowa m'thengo amauzidwa kuvala zamanja aatali, zosakhala zabuluu kapena zakuda, ndipo amene wamwa mankhwala a malungo koma osacira afunika kukapimitsa magazi ku cipatala ca St. Luke's ku Mpanshya, n'kuuza dokotala kumene anayenda.