Imfa za ku Thambani ndi zifukwa zimene tinazipeka

Aliyense wa ku Zóbuè amadziwa kuti ukangodutsa pacipata wafika ku Mwanza. M'boma lomwelo muli Thambani, pafupi ndi malire athu. Kumeneko, mu May 1983, anapeza galimoto m'cigwembe muli mitembo inayi: Dick Matenje, mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party, Aaron Gadama, nduna ya cigawo capakati, Twaibu Sangala, nduna ya zaumoyo, ndi David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa. Boma la Kamuzu Banda linati inali ngozi, anthuwo ankathawira kuno kwathu ku Mozambique. Ndinali wa zaka ziwiri. Nkhondo itatithamangitsira ku Mwanza, ndinakulira pakati pa anthu amene akachula Thambani ankayamba aceuka.

Tinabwerera kwathu mtendere wa 1992 utasainidwa. Mu 1994 Bakili Muluzi anapambana cisankho, nakhazikitsa bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Mtegha. Bungwelo linapeza kuti sinali ngozi: anayiwo anagwidwa ndi apolisi, naphedwa, kenaka nkuwaika m'galimotomo. Mu January 1995 John Tembo anamangidwa, ndipo Kamuzu anamutsekera m'nyumba ku Blantyre.

Tsikulo ndimalikumbukira. Atate anaika wailesi pa mtondo wovundikira, anansi atazungulira. Nkhani za MBC zisanathe nkomwe, khonde lathu linasanduka bwalo la milandu. Amalume anati nkhani ndi mpando: mkuluyo ankafuna kukapuma nkusiyira Tembo dziko, anayiwo nkukana. Mphunzitsi wina anati ai, anafera pakamwa, cifukwa ankadzudzula kaonongedwe ka ndalama za boma m'Nyumba ya Malamulo. Agogo ena anati ndi nsanje basi. Aliyense ankalankhula ngati anagona m'mtima mwa omangidwawo. Palibe anafunsa kuti mnzake wazimva kwa yani.

Mlandu unazengedwa caka comweco. Apolisi ena anavomera pabwalo kuti anatengako mbali pophapo. Koma akuluakulu awiri amene akanafotokoza komwe lamulo linacokera, mkulu wa apolisi Mac Kamwana ndi mlembi wamkulu wa boma John Ngwiri, anali atamwalira kale. Mu December 1995 bwalo linapeza Kamuzu, Tembo ndi anzawo osalakwa. Boma linacita apilo, koma silinaphule kanthu. Conco cinatsimikizika ndi cakuti anthu anayi anaphedwa. Wolamula ndi cifukwa cake bwalo silinatipatse. Zifukwa za pakhonde pathu mwina cina cinali coona, koma mpaka lero zikadali zoganizira.

Taonani, abale: pa imfa zomwezi tinapatsidwa cifukwa kawiri. Koyamba linapeka ndi boma, nkugwiritsa dzina la dziko lathu pobisa magazi. Kaciwiri tinapeka tokha, mkwiyo utatikwana. Koyambako kunali bodza lenileni, kaciwiriko kunali ludzu lofuna cilungamo, komabe konseko cifukwa cinafika umboni usanabwere.

Lero ndimagwira nchito pa wailesi ya m'dera. Apolisi akangomanga munthu pa mlandu wakupha, kaya ku Moatize kaya kumidzi ya m'malire, lamya sizipuma. Wina ati ndi ufiti, wina ati ankalimbirana mkazi, wina ati ndi ndalama za cipukutamisozi ca minda imene inapita ku migodi ya malasha. Tsiku lina ndinalola mawu otere kuuluka. M'mawa mwake mayi wa womangidwayo anabwera kudzandiuza kuti ana ake akuwagenda kucitsime. Ndinasowa poyang'ana.

Kucokera pamenepo ndimanena zitatu zokha: wamwalira ndani, wamangidwa ndani, apolisi anena ciani. Woimba akayamba za cifukwa, ndimamufunsa kuti, "Bambo, mwaona ndi maso kapena mwamva?" Ambiri amadula lamya.

Sindikuti tikhale cete. Mabanja a anthu anayi aja anakhala zaka zoposa khumi asanamve boma likuvomera kuti abale awo anaphedwa, ndipo mantha ndiwo anatalikitsa zakazo. Mlandu suwola, tizifunsa, tiziumiriza kuti ofufuza agwire nchito yawo. Koma kufunsa ndi kwina, kuyankhira bwalo ndi kwina. Mukamadutsa pa Zóbuè kupita ku Mwanza, kumbukirani Thambani.