Kafukufuku wa tizidutswa ta pulasitiki mumchenga wa m'mbali mwa nyanja

Tizidutswa ta pulasitiki timene akatswiri amafufuza m'mbali mwa nyanja zamchere ndi tija tosapitirira mamilimita 5. Tina ndi zotsalira za mabotolo, majumbo ndi maukonde ofumbutuka ndi dzuwa ndi mafunde. Tina ndi timibulu tonga mapira timene mafakitale amasungunula popanga katundu. Nkhaniyi inamveka kwambiri mu 2004, pamene Richard Thompson wa pa yunivesite ya Plymouth ndi anzake anafalitsa zimene anapeza mumchenga wa ku Britain.

Ofufuza amapita pamzere pamene mafunde amalavulira zinyalala, amalemberera kamalo ka mbali zinayi zofanana, n'kupala mchenga wapamwamba, kawirikawiri osapitirira masentimita 5. Akausefa amauthira m'madzi osungunuliramo mchere wambiri. Mchenga umamira, pulasitiki wopepuka n'kuyandama. Njirayi ndi yotchipa koma ili ndi chilema: pulasitiki wolemera ngati PVC amamirira limodzi ndi mchenga, motero chiwerengero chimachepa. Nalo diso limanyengeka, poti kachibenthu ka chigoba cha nkhono kamafanana ndi pulasitiki, n'chifukwa chake ku labotale amatsimikiza ndi makina a FTIR.

Ntchito yaikulu ya timibuluti imagwiridwa ndi anthu wamba ongodzipereka. Mu 2005 Hideshige Takada wa ku Tokyo anayambitsa International Pellet Watch, yomwe imapempha anthu m'mayiko osiyanasiyana kutola timibulu ndi kopanira kachitsulo, kutikulunga mu pepala la aluminiyamu ndi kutitumiza ku Japan. Kumeneko amasankha tachikasu, chifukwa tinakhalitsa m'madzi ndipo tinayamwa mankhwala oopsa monga PCB ndi DDT. Nzeru yake ndi yogometsa: chinyalalacho n'chimene chimaulula momwe madzi a deralo aipira. Ku Texas, gulu la Nurdle Patrol limangowerenga timibulu timene munthu watola m'mphindi 10.

Ngozi zapanyanja zimachulutsa ntchito. Mu Okutobala 2017 mphepo yamkuntho inagwetsa makontena padoko la Durban, ndipo matani pafupifupi 49 a timibulu anamwazikira m'magombe a South Africa. Mu Meyi 2021 sitima ya X-Press Pearl inapsa pafupi ndi Colombo itanyamula matani pafupifupi 1,680 a timibulu, moti magombe ena a Sri Lanka anachita kuyera mbuu ndipo asilikali ankawola timibuluto ndi mafosholo.