Filimu Yodulidwa Pakati: Mbiri ya Chimbale cha VCD

Amene anaonera pa VCD mafilimu a ku Hong Kong, ku India kapena ku Nigeria chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 amakumbukira kuti nkhani inkaima pakati, mwina munthu asanamalize n'komwe chiganizo, mpaka wina adzuke kukaika chimbale chachiwiri. Ambiri lero amati kudukaduka kumeneku ndi umboni wakuti VCD inali luso losapsa, limene DVD inabwera kudzakonza. Amenewo ndi maganizo a wowerenga mbiri ya makanema atakhala ku Ulaya kapena ku America, kumene VCD sinazike mizu. Kwa anthu ochuluka a ku Asia ndi ku Africa, chimbale chimenechi n'chimene chinalowetsa filimu m'nyumba za osauka, ndipo amene amalumikiza zidutswa zake n'kuziika pa DVD akusunga chuma chimene makampani aakulu alibe nacho ntchito.

Kudulako kunachokera ku nyimbo. Philips ndi Sony atatulutsa CD mu 1982, anaikonzera nyimbo za mphindi 74. Mu 1993 makampani awiriwa, pamodzi ndi Matsushita ndi JVC, anagwirizana malamulo oika kanema pa chimbale chomwecho, ndipo anasankha kuti chiziwerengedwa pa liwiro lomwe lija la nyimbo, kuti makina ake asakwere mtengo. Anapanikiza chithunzi ndi njira ya MPEG-1, kukula kwake kukhala timadontho 352 m'litali ndi 288 m'lifupi m'mayiko ogwiritsa ntchito PAL, monga Malawi. Zotsatira zake, chimbale chokwana mphindi 74 kapena 80 za nyimbo chinkakwananso mphindi zomwezo za kanema. Filimu ya ola limodzi ndi theka inkafuna zimbale ziwiri, ndipo ya ku India ya maola atatu inkafuna zitatu. Pofuna malo, anachepetsanso chitetezo chimene CD ya pakompyuta imakhala nacho chokonzera zolakwika, n'chifukwa chake chimbale chikakandika pang'ono nkhope za anthu zinkasweka kukhala timabokosi. Zonsezi anazisankha dala, kuti luso likhale lotsika mtengo.

Kutsika mtengoko n'kumene kunasintha zinthu. Ku America ndi ku Ulaya nyumba zambiri zinali kale ndi makina a VHS otha kujambulanso za pa wailesi yakanema, choncho VCD inalibe chachilendo chowapatsa. Ku China kunali kwina. Kampani ya Wanyan, m'chigawo cha Anhui, inapanga makina oonetsera VCD mu 1993, ndipo patangopita zaka zochepa mafakitale ambirimbiri anali kupikisana, mitengo n'kugwa. M'mayiko otentha ndi achinyezi monga Malaysia, Indonesia ndi Philippines, tepi inkachita chuku, inkatha pang'onopang'ono pakuonera, ndipo kuikopa kunkatenga nthawi yonse ya filimuyo, kope lililonse likutuluka lofooka kuposa mwini wake. Chimbale chinkadindidwa m'kanthawi kochepa, makope onse ofanana. DVD itafika ku Japan mu 1996 ndi ku America mu 1997, inabwera ndi chithunzi chowala ndi malo a 4.7 GB, koma inabweranso ndi loko woletsa kukopa ndi malire ogawa dziko lapansi m'zigawo zisanu ndi chimodzi. Malawi ndi Zambia anaikidwa m'chigawo 5, South Africa m'chigawo 2, kotero chimbale chogulidwa ku Johannesburg chinkatha kukana makina a ku Blantyre. VCD inalibe loko ngakhale malire. Opanga mafilimu a ku Nigeria, amene anayamba ndi matepi nthawi ya Living in Bondage mu 1992, atasamukira ku VCD, mafilimu awo anatuluka m'misika ya ku Lagos monga Alaba ndi Idumota n'kufika m'nyumba zoonetsera mavidiyo za m'matauni athu.

Makina ojambulira DVD atatsika mtengo m'zaka za m'ma 2000, kunabadwa ntchito yolumikiza. Pa VCD kanema amakhala mu foda ya MPEGAV, m'mafayilo a mayina ngati AVSEQ01.DAT. Mmisiri ankawakopera pakompyuta, n'kuchotsa chikuto cha DAT ndi pulogalamu ngati VCDGear kuti atsale MPEG yekha, kenako n'kulumikiza gawo loyamba ndi lachiwiri mu TMPGEnc, akusamala kuti mawu asatsogole milomo polumikizirapo. Odziwa bwino ankazindikira kuti malamulo a DVD amalola chithunzi cha VCD momwe chilili. Chofunika kusintha ndi mawu okha, kuchoka pa 44.1 kHz kupita pa 48 kHz. Wochita motero sankataya kalikonse pa chithunzi, ndipo DVD imodzi inkanyamula maola pafupifupi asanu ndi awiri. Wosadziwa ankatambasula chithunzicho n'kuchipanikizanso, n'kutulutsa chinthu chachikulu koma chosaoneka bwino kuposa poyamba.

Otsutsa amati VCD inali chida cha akuba ntchito za ena, ndipo akunena zoona kuti oimba ndi opanga mafilimu ambiri, a ku Hong Kong ndi a ku Lagos omwe, anadyeredwa thukuta lawo. Komabe khomo limene analowera wakuba n'lomwelo limene analowera kwaya ya mpingo, woimba wosadziwika ndi gulu la zisudzo, amene sakanatha kulipira fakitale ya DVD. Kudzudzula kuba sikufuna kuti titaye zimene anthu oona mtima anajambula pa chimbale chomwecho. Ena amati kulumikiza n'kutaya nthawi, popeza chithunzi sichiwala ndipo zonse zili pa intaneti. N'zoona kuti sichiwala: zimene MPEG-1 inataya sizibwerera. Koma zimene zili pa intaneti ndi zimene wina anaona kuti zili ndi msika. Mafilimu a Hollywood ali ndi mosungira mwake. Ukwati, chinkhoswe, maliro a mfumu, kapena chimbale choyamba cha kwaya ya kumudzi, kawirikawiri zili pa CD-R imodzi yokha, yomwe utoto wake wosunga uthenga umafooka ndi kutentha ndi dzuwa.

DVD nayonso ikutha, ndipo makompyuta ambiri atsopano alibe poika chimbale. Zimenezi zikutanthauza kuti nthawi yachepa. Amene ali ndi zimbale zakale azikope makina owerengera akadapezeka, asunge mafayilo oyambirira osawasintha pamodzi ndi olumikizidwawo, aike makope malo awiri osiyana, ndipo alembe mayina a oimba, malo ndi chaka anthu owadziwa akadali moyo.