Miseu Yakale pa Dooko la Kafue

Munthu wocokera ku Kafue Estates kunka ca kumwera pa mseu wa phula saona cacilendo: galimoto lioloka mtsinje m'kamphindi, nafika pa mphambano pamene mseu wina uloza ku Livingstone, wina ku Chirundu. Koma njira imeneyi yasunthidwa kangapo, ndipo cimene cinaisuntha ndi madzi a Kafue.

Pa caka ca 1855 David Livingstone anatsika mapiri amene tsopano achedwa Munali, naona mtsinjewo uli m'cigwa. Masiku amenewo kunali tinjira ta mapazi tokha, tofika pa madooko pamene eni dziko anaolotsa anthu m'mabwato. Njanji ndiyo inayamba kugonjetsa mtsinje. Ulalo wace unatha pa 1906, wa zigawo 13, kutalika kwace mamita 427, ndipo mudzi wa Kafue unamera pambali pa siteshoni.

Agalimoto anacedwa kupeza mwai wotere. Zaka zambiri anaoloka pa pantuni, ndipo mseu unayenera kukhota kufikira pa gombe pamene pantuniyo inakoceza. Mvula ikacuruka, aulendo anangokhala pansi nadikira. Pa 1949 a Beit Trust anamanga ulalo wa agalimoto, ndipo zitsulo zace zinali ndi mbiri yaoyao, pakuti zinacokera ku London, kumene zinayala pa mtsinje wa Thames m'masiku a nkhondo yaciwiri. Pomangidwa damu la Kafue Gorge madzi anati akwere, tsono pa 1968 ulalowo anaukweza. Wina watsopano unatsegulidwa pa 1993 ndi cithandizo ca dziko la Japan.

Dooko likasuntha, mseu ulitsata, ndipo cigawo cakale cisiyidwa kuti udzu ucidye. Wofuna kucilondola apite mwezi wa September, tchire litapsa. Ayang'ane mtumbira wautali woongoka umene madzi sakanauumba okha, maenje m'mbali m'mene anchito anakumba dothi, ndi mipope ya simenti yodzala mcenga. Afunsenso nkhalamba, pakuti mapu asonyeza kumene mseu unapita, koma sachula midzi imene inatuma amuna ace kukaulima ndi makasu. Okumbukira zimenezo atsala owerengeka, ndipo caka ndi caka nyumba zatsopano ndi minda zifafaniza mitumbira ija.