Masamu a Fomu 1: kuchoka pa masheleni kufika pa x

Pamene Blantyre Secondary School inkatsegulidwa mu 1940, kenako Zomba Catholic mu 1942 ndi Dedza mu 1951, ana ofika ku sekondale m'Nyasaland anali ochepa zedi. Ankafika atasulidwa kale ndi ndalama za atsamunda. Mapeni 12 ankapanga sheleni, masheleni 20 n'kupanga paundi, choncho mwana wowerengera mtengo wa mayadi asanu a nsalu ankagawa ndi 12, kenako ndi 20, nthawi zambiri pamtima. Matebulo ochulukitsa ankaimbidwa m'kalasi mpaka kulowa m'magazi.

Mu 1971 kunabwera kwacha ya matambala 100, ndipo chintchito chimenecho chinatha.

Chimene chinakula ndi chiwerengero cha ophunzira. Osasankhidwa kupita ku sekondale ankalembetsa ku Malawi Correspondence College, yomwe inayamba mu 1965, n'kumalimbana ndi masamu kudzera m'mabuku otumizidwa ndi pa wailesi. Mu 1994 maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ana anachoka pa 1.9 miliyoni n'kupitirira 3 miliyoni. Malo ophunzirirapo a koleji ija anasanduka masekondale a CDSS chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ambiri ogwira choko kumeneko anali aphunzitsi a pulayimale. Anthu amenewa anasenza katundu wosakhala wawo, ndipo ngoyenera ulemu. Komabe mwana wochokera m'kalasi la ana oposa 100 ankakumana ndi 3x + 4 = 19 asanamvetse bwino mafulakishoni, mphunzitsi wake nayenso akuyamba kumene kuphunzitsa aljebura.

Boma linayankha mu 2004 ndi SMASSE, ndondomeko yosula aphunzitsi a masamu ndi sayansi mothandizidwa ndi JICA ya ku Japan. 

Makolo nawo anapeza njira yawo, maphunziro apadera olipira. Cholakwika n'chakuti kumeneko kawirikawiri amathamangira mapepala akale a MANEB, pamene bala lili kumbuyo, ku Sitandade 5 ndi 6. Mwana wolephera kuchotsa 4 pa 19 n'kugawa ndi 3 mosadodoma savutika ndi x ayi, koma ndi matebulo. Zimenezi agogo amene anagulapo mchere ndi masheleni angathe kumufunsa pakhonde, ngakhale sanapondeko ku sekondale.