Kakhadi komwe kanaletsa makina kulira ku Toyota

Ambirife tikamva dzina loti Toyota timangoganiza za minibasi ya Hiace, kondakitala ali pakhomo kuitanira anthu. Ndi ochepa amene amadziwa kuti m'chaka cha 1950 kampani imeneyi inatsala pang'ono kutsekedwa. Japan inali isanadzuke ku mabala a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma linali litafinya ndalama pofuna kuletsa kukwera mitengo kwa zinthu, ndipo malole a Toyota ena ankangokhala pabwalo opanda wogula, ena anatengedwa pangongole yosabwezedwa. Mabanki anavomera kuthandiza, koma anati mbali yogulitsa ikhale kampani payokha komanso antchito achepetsedwe. Antchito ananyanyala ntchito kwa miyezi iwiri. Pamapeto pake anthu oposa 1,500 anachoka, ndipo a Kiichiro Toyoda, omwe anayambitsa kampaniyi mu 1937, anatula pansi udindo.

Mu Juni chaka chomwecho nkhondo inabuka ku Korea ndipo asilikali a America anayamba kuitanitsa malole ambiri. Ntchito yachuluka, manja achepa, ndalama yoti n'kugonekedwa mu zitsulo zongounjika palibe. A Eiji Toyoda anakaona fakitale ya Ford ku River Rouge komwe kunkatuluka magalimoto zikwizikwi patsiku, pamene kwawo ankatulutsa makumi angapo basi. Kutengera Ford kunali kosatheka. Njira ya ku America inkafuna kuti makina aliwonse azilira osapuma, chilichonse chipangidwe chambirimbiri, nyumba zosungiramo katundu zidzaze. Zimenezo n'za mwini chuma.

Apa ndi pomwe akulowera a Taiichi Ohno. Mkuluyu anabadwa mu 1912 ku Dalian, m'dziko la China, anayamba ntchito mu 1932 ku fakitale ya nsalu ya banja la Toyoda, ndipo anasamukira ku magalimoto mu 1943. Chomwe chinkawapweteka mutu ndi milu ya zipangizo zopangidwa theka yomwe inali mbwee pakati pa makina ena ndi ena. Kwa kapitawo, mulu wotere unali umboni woti anyamata ake akulimbikira. Kwa a Ohno inali ndalama yogona pansi, ndipo ankati kupanga zopitirira zomwe zikufunika ndiko kuwononga koposa kwina konse, chifukwa kumabisa zolakwika zina zonse. Makina akayamba kudula chitsulo mokhota, mumadzazindikira patapita masabata, mulu wonse utaipa kale.

Nzeru anaitenga m'masitolo akuluakulu a ku America, omwe anayamba wangomva mbiri yake asanakawaone ndi maso mu 1956. M'menemo wogula amatenga chomwe akufuna, ndipo wa m'sitolo amangobwezeretsa pashelefu chomwe chachokacho. Cha m'ma 1953 a Ohno anayamba kuyesa zomwezo m'gawo lawo. Bokosi lililonse la zipangizo linapatsidwa kakhadi, komwe m'Chijapani amati kanban. Wolumikiza injini akatenga bokosi, amachotsa kakhadiko n'kukabweza kwa wopanga zipangizozo, ndipo wopangayo amapanga zokwana bokosi limodzi lomwelo. Kakhadi kakapanda kubwera, makina aime.

Taiganizireni bwino mfundo yomalizayi, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Makhadi akakhala 10, mabokosi omwe ali m'njira sangapitirire 10, kaya wantchito ali ndi changu chotani. Munthu wamphamvu zake, makina ali bwinobwino, zitsulo zilipo, koma akuuzidwa kuti asapange kanthu. Eti aime! Akapitawo omwe anakula akudziwa kuti makina oima ndi manyazi sanazimvetse, ndipo anakana kwa zaka zambiri. Kukanapanda a Eiji Toyoda kuwaikira kumbuyo, a Ohno sakanapita patali. Zinatenga pafupifupi zaka khumi kuti makhadi afike m'mafakitale onse a kampaniyi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, kenaka n'kufalikira kwa makampani owagulitsa zipangizo.

Ndiye mkuluyu sankakhutira msanga. Zinthu zikayamba kuyenda bwino, ankachepetsanso makhadi dala kuti aone pomwe patsamwe. Ku Toyota amafanizira ndi mtsinje: madzi akachuluka miyala sioneka, mukawaphwetsa ndi pomwe mumaona mwala woti muchotse. Mwala wina waukulu unali nthawi yosinthira zikombole pa makina osindikiza zitsulo, yomwe inkatenga maola. Anthu ankapanga zambiri nthawi imodzi pothawa chintchito chimenechi. Makhadi atachepa panalibenso kothawira, mpaka kusinthako kunafika pa mphindi zowerengeka.

Chodabwitsa n'choti ntchito zoyambidwa zitachepa, zomalizidwa zinayamba kutuluka msanga. Si matsenga ayi. Mu 1961 katswiri wa masamu wa ku America, John Little, anatsimikizira lamulo lomwe lero limadziwika ndi dzina lake: nthawi yomwe chinthu chimakhala m'njira imadalira kuchuluka kwa zomwe zili m'njiramo ndi liwiro lomwe zikutulukira. Telala amene amamaliza madiresi awiri patsiku, akadula nsalu 20 n'kumazisoka mosinthanasinthana, mwini diresi aliyense adikira masiku ngati 10. Akamagwira zinayi zokha, diresi likutuluka m'masiku awiri chiyambireni. Telala ndi yemweyo, makina ndi omwewo. Paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Dziko linayamba kutchera khutu mafuta atakwera mtengo mu 1973, pomwe Toyota inapirira kuposa makampani ambiri. A Ohno analemba buku lofotokoza njirayi mu 1978, ndipo mu 1984 General Motors inagwirizana ndi Toyota kutsegula fakitale ya NUMMI ku Fremont, California, kuti iphunzire. Mkuluyu anamwalira mu 1990, asanaone kakhadi kake kakulowa mu ofesi. Cha m'ma 2004 David Anderson anayesa nzeruyi ndi gulu lina lokonza mapulogalamu a kompyuta ku Microsoft, ndipo mu 2010 anatulutsa buku lotchedwa Kanban. Mu ofesi mulu wa ntchito suoneka ndi maso, choncho amaulemba pabolodi: zodikira, zomwe zili m'manja, zomalizidwa, ndipo pamwamba pa mzere amalembapo nambala yosayenera kupitirira. Mwa kuona kwanga, ambiri amakonda bolodiyo koma nambala ija amaiiwala dala, chifukwa ndi yomwe imakakamiza bwana kusankha choti chidikire.

Tisachite ngati zonse zinali zokoma. Mtolankhani Satoshi Kamata, yemwe anakagwira ganyu ku Toyota mu 1972, analemba buku losonyeza kutopa kwa anthu pa mzere wopanda popumira. Komanso wosasunga zambiri amagwidwa msanga tsoka likagwa. Pa 1 Febuluwale 1997 moto unapsereza fakitale ya Aisin ku Kariya, komwe kunkachokera kachipangizo kena ka mabuleki a pafupifupi magalimoto onse a Toyota. Zosungidwa zinali za masiku ochepa chabe, ndipo mafakitale anaima. Makampani ena makumimakumi anathamangira kuphunzira kupanga kachipangizoko, moti ntchito inayambiranso pasanathe sabata. Chivomezi cha mu 2011 chinawagwedeza koposa pamenepa, ndipo chitapita Toyota inauza ena mwa oigulitsa zipangizo kuti tizipangizo ta magetsi tovuta kupeza azisunga tokwanira miyezi ingapo.