Mbiri ya Lignin pa Ntchito za Mankhwala

Lignin ndi amene amalimbitsa mtengo, phesi la chimanga ndi nzimbe. Mu mtengo wouma amakwana magawo 20 mpaka 30 pa 100 alionse. Akatswiri a ziweto amamudziwa ngati chopinga, pakuti udzu ukakhwima lignin amachuluka ndipo ng'ombe sizitha kuugaya bwino. N'chifukwa chake amayezedwa m'zakudya za ziweto potsata njira imene Peter Van Soest anakonza ku America m'zaka za m'ma 1960.

Mu 1838, Anselme Payen wa ku France anapatula cellulose ku mtengo, n'kupeza kuti pali chinthu china chomata ulusiwo. Mafakitale a mapepala ankafuna ulusi wokhawo, choncho kwa zaka zambiri lignin ankatayidwa m'mitsinje kapena kuwotchedwa.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1930 pamene ku America ndi ku Canada anayamba kupanga vanillin kuchokera ku madzi otsala pophika nkhuni za mapepala. Vanillin amanunkhiritsa chakudya, komanso ndi poyambira mankhwala ena. Kampani ya Monsanto inamugwiritsa ntchito popanga L-DOPA, mankhwala a matenda a Parkinson, ndipo William Knowles analandira mphoto ya Nobel mu 2001 chifukwa cha njira yopangirayo. Borregaard ya ku Norway imapangabe vanillin wa ku mitengo mpaka lero.

Madzi omwewo anatulutsanso DMSO. Mu 1959 zinadziwika kuti DMSO amateteza maselo amoyo akamaumitsidwa ndi chisanu, ndipo mu 1978 boma la America linamuvomereza pa matenda ena a chikhodzodzo. Ku Soviet Union anapanga Polyphepan, lignin wakumwa amene amamata poizoni m'matumbo n'kutuluka naye.

Masiku ano ofufuza akuyesa lignin pa zomangira mabala, mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi timibulu tonyamula mankhwala m'thupi. Zambiri zikadali m'labotale. Vuto lalikulu n'lakuti lignin wa paini, wa bulugamu ndi wa udzu safanana, ndipo njira yomupatulira imamusinthanso, pomwe mankhwala amafuna chinthu chosasintha.

Mapesi ndi zotsalira za nzimbe zikadzapeza msika wotere, funso lidzakhala la kagawidwe, pakuti zinyalala zomwezo n'zimene zimaphimbira nthaka, kudyetsa ziweto m'chilimwe ndi kuyatsira moto m'mafakitale a shuga.